A QS amene ankandiyang'anira nyumba ku Lilongwe ine ndili ku Joni: zabwino zake ndi pomwe anandikhumudwitsa

Anzanga angapo kuno ku Joni akhala akundifunsa za anyamata aja ankandiyang'anira ntchito ya nyumba kumudzi, eti ndi abho kapena ndi akuba ovala zipewa zoyera chabe, ndiye m'malo moyankha mmodzimmodzi pa foni ndati ndingolemba kamodzi basi. Dzina la kampani sindilemba pano chifukwa pali zomwe ndidandaule m'munsimu komanso nkhani imodzi sitinamalizane, ofuna nambala mukudziwa kondipeza. Ndi kakampani kakang'ono, a QS (quantity surveyor, katswiri wowerengera katundu ndi mitengo ya zomangamanga) mmodzi amene anaphunzira ku Poly, ija pano akuti MUBAS, ndi mnyamata wina wa njinga yamoto amene amathamangira ku saiti. Iwowa samanga ayi. Womanga anali kontirakitala wina, iwo ntchito yawo kuwerengera katundu, kuyeza ntchito yomwe yagwiridwa, ndi kundiuza kuti lipirani kapena musalipire kaye. Malikisi ndikuwapatsa 7 pa 10, ndipo pa 7 ameneyo 5 yense akuchokera pa kabukhu kamodzi ka mapepala atatuatatu a kaboni kolembamo zonse zosintha pa ntchito.

Ndiyambe ndi mpanda, poti pakanapanda mpanda anthu amenewa sindikanawalemba ntchito. Mu 2022 tinamanga mpanda pa puloti yathu mbali ya ku Chitipi, woyang'anira anali alamu anga, achimwene awo a madam, munthu wabwinobwino wa ku tchalitchi, sindikunena kuti anaba. Kotesheni inati matumba a simenti 85. Pofika pa geti tinali titagula 130 ndi kanthu. Nditabwera pa holide ndikufunsa kuti 45 enawa apita kuti, aliyense anali ndi yankho lake. Amisiri akuti bwana munanena nokha kuti mpanda ukwere makosi atatu. Alamu akuti ayi zinali za mapilala, anawachulukitsa chifukwa cha mphepo. Madam akuti mwina ndi nthawi ija kwacha inagwa mu Meyi. Ine ndinati kwacha itha kugwa ndi 25 peresenti inde koma kugwa kwa kwacha kumakweza mtengo wa thumba, sikuchulukitsa matumba. Tinangoyang'anizana pa khonde la nyumba ya lendi ku Area 25, nsima inazizira, ndipo mpaka lero nkhani ya mpanda sitiitchula pa maso pa apongozi. Mwina zifukwa zonse zitatu zinali zoona pang'onopang'ono, koma palibe analemba, ndiye chinatsala ndi kukayikirana basi.

Ndiye poyamba nyumba mu Juni 2023 ndinati za pakamwa ndatopa nazo. Tsiku loyamba a QS anatiika pa kolo ya WhatsApp tonse, ine, madam, alamu ndi kontirakitala, nkunena lamulo limodzi lokha: chilichonse chosiyana ndi pulani kapena ndi BOQ (mndandanda wa ntchito, katundu ndi mitengo yake), kaya chikuwonjezera ndalama kaya chikuchepetsa, chisagwiridwe mpaka chitalembedwa mu bukhu la ma VO ndipo ine ndavomera. VO ndi veriyeshoni oda, kapepala kosinthira ntchito. Ineyo ndinkaganiza kuti ndi risiti chabe yolembapo kuti tawonjezera zakuti, mtengo wakuti. Kenako ananditumizira chithunzi cha tsamba lake. Pali nambala, deti, chomwe chikusintha, wapempha ndani ndipo wapempha bwanji, ndalama, masiku owonjezera, masiginecha, koma bokosi lalikulu kuposa onse, pafupifupi theka la tsamba, ndi la chifukwa. Ndinaseka, ndinati achimwene bokosi lonseli mulembamo kalata yofunsira mbeta? Iwo anati bwana ndalama tonse timaziona, chimene anthu amaiwala pakapita miyezi itatu ndi chifukwa, ndipo chifukwacho ndi chimene chimanena kuti alipire ndani.

Nthawi imeneyo ndinangoti eya eya. Ndinazimvetsa pa maziko.

Pulani inati ngalande za fawundeshoni zikumbidwe 600mm. Mbali ya kumtunda zinayenda bho, dothi lofiira lolimba. Kufika ngodya ya kumunsi komwe kuli bedirumu yathu anyamata anapeza dothi lofewa losakanikirana ndi zibenthu za njerwa ndi phulusa, kumene eni malo akale ankaumbirapo njerwa nkudzakwirira dzenjelo ndi zinyalala. Kontirakitala anaimba foni kuti bwana pakufunika simenti ina, kwale wina, zitsulo za Y12, tumizani msanga anyamata angokhala. Kale ndikanathamangira ku Mukuru ndili kung'ung'udza. Ulendo uno mnyamata wa njinga uja anapita tsiku lomwelo, anaika tepi m'dzenje nkujambula, 1.4m ndi pomwe anapeza dothi lenileni, kutalika kwa chigawo chovutacho mamita 9. VO nambala 1 inabwera ndi zithunzi zinayi ndipo pa chifukwa analemba kuti dzenje lakale la njerwa, silinkaoneka pamwamba, pulani inajambulidwa popanda kukumba maenje oyesera dothi, si vuto la kontirakitala, alipire mwini nyumba. Zinandiwawa koma ndinalipira ndi mtima umodzi, matumba 14 ndi tiripi imodzi ya kwale. Chinandisangalatsa ndi chakuti kontirakitala anapempha matumba 22, a QS anawerengera kukula kwa dzenjelo nkupeza 14, ndipo munthu sanakangane nkomwe, anangoti aa ndinangoyerekeza.

Ya zenera ndi imene timaseka mpaka pano. Madam anapita ku saiti Loweruka lina mu Ogasiti, anaima mu sitingirumu nkuona kuti zenera lakutsogolo ndi laling'ono, kwa anzawo ku Area 47 kuli lalikulu lofika pansi. Lintala anali atathira kale. Anatumiza voisi noti kwa kontirakitala, iye nkuyamba kusangalala kuti agumule. A QS anaimitsa, analemba VO nambala 4, wapempha: madam, kudzera pa voisi noti ya pa 12 Ogasiti, chifukwa: kukonda kwa mwini nyumba, palibe cholakwika pa pulani kapena pa ntchito. Pansi pake anaphwanya mtengo, kugumula lintala, lintala watsopano wautali wa zitsulo zokulirapo, fulemu yatsopano, galasi, ndi fulemu yakale yomwe inali itawotcheredwa kale ku Mchesi yomwe siyibwezedwa, masiku 6. Nditawawerengera madam pa foni anakhala chete kaye kenako anati lipangidwe basi ndidula pa makatani. Linapangidwa. Tsopano mu Febuluwale titayamba kukokana kuti ndalama zatha bwanji nyumba isanafike pa siling'i, iwo anayamba zoti amisiri anu aja akutibera, ine sindinayankhe ndinangotumiza chithunzi cha VO 4. Anayankha ndi ka emoji kotseka kumaso. Nanenso ndili ndi zanga, VO 6 ndi VO 9 ndi ine ndemwe, ndinaona khitchini ina ku Randburg komwe ndimagwira ntchito nkufuna khoma lapakati lichoke, zomwe zinafuna bimu. Ndiye sindingaloze chala madam okha.

Pomwe ndalama ya fizi ya a QS inabwerera ndi pa mapaipi a ku bafa. Kontirakitala anabweretsa pepala kuti pakufunika kuswa silabu mamita atatu ndi kusuntha paipi ya 110mm ya toileti, ndalama yake yonenepa ndithu, chifukwa chomwe analemba iye chinali choti kusintha malo a toileti. Mukawerenga mwachangu mumaganiza kuti mwina madam anenanso zina. A QS anatenga pulani nkuyika pambali pa chithunzi chomwe mnyamata wawo anajambula tsiku lothira silabu, zikuoneka poyera kuti toileti pa pulani ili khoma la kumadzulo koma pulambala anatulutsa paipi khoma la kum'mawa, anawerenga pepala mozondoka kapena kaya anali ndi matsire. Toileti sinasunthe, paipi ndi imene inasochera. VO inalembedwabe, nambala 5, chifukwa: kulakwitsa kwa pulambala wa kontirakitala, kukonza kuti zifanane ndi pulani, ndalama K0, masiku 0. Ndinafunsa kuti ngati ndi ziro mukulemberanji, anati kuti mawa silabu ikadzang'aluka pamenepo tidzadziwe kuti anaswa ndani ndipo chifukwa chiyani, komanso kuti masiku anayi amene ataye pokonza asadzawawerengere kwa inu. Apa ndiye ndinavula chipewa.

Pali mtundu wina wa chifukwa umene sindinkaudziwa, kulakwitsa kwa wojambula pulani. Pulani yathu anajambula mnyamata wina wotchipa, khonde anaika mapilala awiri koma ring'i bimu ya pamwamba pake sinaoneke pena paliponse, ndiye mu BOQ munalibe. Denga silingakhale m'malere. Iyi ndinalipira ine, palibe kothawira, wojambulayo foni yake inasiya kupezeka kalekale. Koma poti chifukwa chinalembedwa kuti ntchitoyi inasiyidwa pa pulani ndipo ndi yofanana ndi ring'i bimu ya nyumba yonse, a QS anaumirira kuti mtengo wa mita imodzi ukhale womwewo uli mu BOQ, osati mtengo watsopano wopeka pa saiti. Kontirakitala ankafuna kuwonjezera kuti ndi ntchito yapadera. Anakanidwa.

Tsopano Novembala 2023. Amene munali ndi ntchito yomanga nthawi imeneyo mukudziwa. Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700, ndipo m'ma hadiweya mitengo inasintha ngati kuphethira kwa diso, ena anatseka kaye mashopu kuti asinthe zikwangwani. Kwa ife otumiza ma randi zinaoneka ngati tapindula sabata yoyamba yokha, kenako simenti, malata, zitsulo, penti zonse zinatipeza. Kontirakitala anabwera ndi pepala limodzi lalikulu, akufuna 44 peresenti pa ndalama yonse yotsala ya kontirakiti, chifukwa: devaluweshoni. Mawu amodzi basi. Ndipo kunena zoona ndinatsala pang'ono kuvomera chifukwa nkhani inali pa wailesi paliponse, munthu sakunama, kwacha yagwadi.

A QS anati dikirani bwana. Choyamba anati iyi kwenikweni si veriyeshoni chifukwa nyumba sinasinthe, khoma ndi lomwelo denga ndi lomwelo, chasintha ndi mtengo wa katundu, ndipo kakontirakiti kathu ka masamba anayi kanalibe ndime ya kusintha kwa mitengo, ndiye mwa pepala ndikanatha kukana zonse. Koma anatinso mukakana zonse munthuyu athawa pa saiti kapena ayamba kusakaniza thumba limodzi mawilibala khumi, ndiye tiyeni tione chinthu chimodzichimodzi, chifukwa chake payekhapayekha. Anatenga masiku atatu. Zimene anapeza ndi izi. Ndalama ya simenti ya pulasitala, matumba 120, ndinali nditatumiza pa 10 Okutobala, mwezi wathunthu kwacha isanagwe, ndipo iwo anali atamulembera kontirakitala pa gulupu kawiri kuti gulani simenti musunge mu stoo. Iye anagula 50 okha, ndalama inayo anakazungulitsa ku saiti yake ina. Ndiye pa matumba 70 otsalawo chifukwa cha kukwera sichinali devaluweshoni, chinali kuchedwa kugula ndalama ali nayo m'manja, zake zimenezo. Malata a IBR geji 28 ndi matabwa a denga ndalama yake ndinali ndisanatumize, ndinachedwa ndine chifukwa galimoto ya kuno inandidyera, ndiye kusiyana kwa mtengo kunagwera ine, ndipo anaika makotesheni awiri a shopu imodzi, ya Okutobala ndi ya kumapeto kwa Novembala, kuti ndione ndekha. Leba anati sinagulidwe ndi dola, siingakwere 44 peresenti tsiku limodzi, koma anyamata akugula ufa ndi kukwera minibasi pa mitengo yatsopano, tinagwirizana kawonjezedwe kochepa pa leba yotsala yokha. Mchenga wa ku dambo ndi njerwa anangowonjezera ya thiransipoti poti mafuta anakwera. Pepala limodzi lija linasanduka ma VO anayi, lililonse ndi chifukwa chake, ndipo zonse pamodzi ndinalipira osafika theka la zomwe ankafuna poyamba. Kontirakitala anakwiya sabata imodzi, osayankha gulupu, kenako anasaina. Ndikuganiza kuti chinamufewetsa nchakuti pa malata anapatsidwa zonse osadulidwa ngakhale tambala, anaona kuti bukhulo silikondera bwana.

Ndinawafunsa a QS tsiku lina kuti nzeru zimenezi ndi zanu kapena, anaseka anati ayi ndi zakale, pa ntchito zikuluzikulu za misewu ndi milatho amagwiritsa makontirakiti a FIDIC, mmenemo ndime 13 ndi ya ma veriyeshoni, ndipo kontirakitala akafuna kudandaula ndalama kapena masiku owonjezera amayenera kupereka notisi pasanathe masiku 28 kuchokera pomwe wadziwa za chinthucho, akachedwa zake zada. Iwo anangochepetsa kuti zikwane pa nyumba ya zipinda zitatu, kwa ife anaika masiku 7. Anandiuzanso kuti ndione ngati kontirakitala ali ndi satifiketi ya NCIC, bungwe lolembetsa makontirakitala, ndisanasaine naye, ndinaona, anali nayo, ngakhale satifiketi siyiletsa munthu kuzungulitsa ndalama ya simenti.

China chabwino chomwe anthu sachiganizira, VO imatha kubweza ndalama. Titaona kuti thumba lapyapyala tinachotsa matailosi m'zipinda ziwiri za ana kuti pakhale simenti yosalala kaye, ndipo tinachotsa ma wadiropu omangira kukhoma. Pa mpanda paja zinthu zikachotsedwa ndalama yake inkangosowa mlengalenga. Apa zinalembedwa ndi mainasi kutsogolo, chifukwa: mwini nyumba wachepetsa ntchito kaamba ka bajeti, ndipo zinachotsedwa pa satifiketi yolipira yotsatira.

Tsopano zodandaula, poti zilipo ndipo sizazing'ono.

Choyamba chizungu. Ma VO oyambirira ankalemba chizungu cha ku kalasi chokhachokha, mawu ngati backfill, making good, omission, ine woti ndakhala kuno zaka zambiri ena ndimachita kufunsa, nanga kapitawo wa pa saiti amene anasiyira Folomu 2, nanga alamu. Munthu amasaina chinthu chomwe sanamve kenako mawa akuti ine sindinavomere zimenezo. Ndinachita kukakamira kuti bokosi la chifukwa lizilembedwa mu Chichewa, manambala ndi mayina a zitsulo asiye momwe alili. Anayamba kutero kuyambira VO 7 koma monyinyirika, ngati ndawatsitsa udindo.

Chachiwiri kuchedwa. Lamulo loti ntchito isagwiridwe VO isanasainidwe ndi labwino pa pepala, koma a QS ali ndi masaiti ambiri, nthawi zina pepala limatenga masiku anayi kuti lifike pa foni yanga, anyamata ali chikhalire pa mulu wa mchenga akusewera bawo, ndipo kontirakitala amawalipira pa tsiku. Kawiri konse iye anangopitiriza ntchito osadikira ndipo sindingamunene kwambiri. Komanso ulendo uliwonse wa ku saiti wopitirira awiri pa sabata amalipiritsa padera ndi mafuta a njinga, izi sananene bwinobwino poyamba, ndinadzaziona pa invoisi. Zonse pamodzi fizi yawo inandidyera pafupifupi 4 peresenti ya ndalama ya nyumba. Sindikudandaula ndi kuchuluka kwake, ndikudandaula ndi kudzidzimutsidwa.

Chachitatu ndi chimene chandichotsetsa malikisi awiri athunthu. Kumapeto kwa Disembala mpaka pakati pa Januwale a QS anapita kumudzi kwawo ku holide, mnyamata wa njinga anadwala malungo, saiti inakhala masabata atatu opanda wopondako, ndipo sanandiuze, ndinkangoona gulupu ili zii nkumaganiza kuti ndi mvula. Nthawi imeneyo madzi a mvula ankatsika kuchokera kumsewu nkumaima pa khomo lakutsogolo. Alamu anapita kukaona, anakambirana ndi kapitawo chiimirire, ndipo pomwe anthu anabwerera ku ntchito panali patamangidwa kale kakhoma kotchinga madzi mamita 18, ngalande ya konkire, ndi masitepe atatu a pa khonde omwe pa pulani palibe. A QS m'malo monena kuti izi zachitika ife kulibe, analemba VO 17 mobwerera m'mbuyo, ndipo pa bokosi lija lalikulu, lija anandiuza okha kuti ndi lofunika kuposa onse, analemba mawu anayi: as instructed on site. Walamula ndani? Chifukwa chiyani? Palibe chithunzi cha madzi, palibe muyezo, palibe deti yeniyeni. Alamu akuti iwo anangoti pakufunika kuchitapo kanthu pa madziwa, sananene kuti mangani khoma. Kapitawo akuti alamu anati bwana avomera kale, pangani. Kontirakitala akuti madzi akanalowa m'nyumba mukanatinena ife. Ndipo pali funso lina lomwe ndi lalikulu, ngati pansi pa nyumba panakwezedwa kufika pomwe pulani inanena madziwo akanafika pa khomo? Chifukwa ngati silabu ili m'munsi kuposa muyezo ndiye khomalo likubisa kulakwitsa kwa kontirakitala, osati kundithandiza ine. Tabwereranso pa nkhani ya mpanda ija ndendende, anthu atatu mayankho atatu, kusiyana kwake nkwakuti ulendo uno ndinali ndikulipira munthu kuti zimenezi zisachitike.

Ndinawauza mosabisa kuti achimwene apa mwandigwetsa ulesi. Anavomera, sanazembe, anati ndalakwitsa kulemba chinthu chomwe sindinachione ndipo anachotsa fizi ya mwezi umenewo. Chimenecho ndawayamikira. Koma pepala loipa ndi loipa, linasainidwa ndi kontirakitala ndi iwo, ine ndekha ndi amene sindinasaine, ndipo kontirakitala akuligwiritsa ngati umboni kuti a QS anu omwe anavomereza.

Kwa amene mukufuna kuwalemba ntchito anthuwa kapena ena onga iwo, zomwe ndingachite mosiyana ndi zochepa. Ndikanalembetsa mu kontirakiti kuti ndani yekha amene angalamule kusintha, dzina limodzi, chifukwa pa saiti ya munthu wa ku Joni aliyense ndi bwana, alamu, apongozi, neba, ngakhale abusa akabwera kudzapempherera maziko amasiyako ganizo la pomwe pakhale khomo. Ndikanalembetsa kuti a QS akachoka azisiya munthu wina ndipo azindiuza. Ndikanaikamo ndime ya mitengo ikakwera, poti kwacha yathu timaidziwa, 2022 inagwa, 2023 inagwanso. Ndipo VO iliyonse yomwe pa chifukwa alembapo kuti client request kapena site condition basi osafotokoza, ibwezeni, musachite manyazi. Site condition yake iti, dzenje, thanthwe, madzi, chiswe? Client wake uti, ananena liti, pa foni kapena pamaso? Mizere itatu ya Chichewa ndi chithunzi chokhala ndi tepi, zokwana.

Kabukhuko si kachilendo, ndi aja a triplicate ogula mu shopu ya mabuku, tsamba loyera limapita kwa kontirakitala, lachikasu kwa a QS, lapinki limatsala m'bukhu pa saiti, ine ndimalandira chithunzi pa WhatsApp nkuyankha kuti ndavomera VO nambala yakuti, ndalama zakuti, ndipo iwo amajambula yankho langalo nkusunga. Mnzanga wina wa ku Cape Town akuti akugwiritsa app ya pa foni yochitira zomwezi, ndinaiona ndi yokongola, koma kapitawo wathu foni yake ndi ya mabatani ndipo netiweki ya ku puloti imafuna kukwera pa chulu, ndiye kaboni anatikwanira. Ngati mulibe ndalama ya QS gulani kabukhuko kokha mupatse amene akukuyang'anirani, ngakhale theka la phindu mulipeza, chimene simungapeze ndi munthu wodziwa kuwerengera kuti dzenje la mamita 9 limadya matumba 14 osati 22.

Nyumba tinalowa, madam ndi ana ali momwemo, zenera lija ndi lokongoladi ndisaname. Ma VO onse anakwana 21, mwa amenewo 8 ndi zofuna zathu ine ndi madam, ndiye ndikamadandaula kuti nyumba inadutsa bajeti ndimayamba ndadziyang'ana ndekha. Yotsala ndi 17 ija. Ndalama ya ritenshoni, 5 peresenti yomwe timasunga mpaka miyezi isanu ndi umodzi itadutsa, ndaigwira kaye. Tagwirizana kuti ndikabwera pa Isitala a QS abwereke levulo, tiyeze kutalika kwa silabu kuchokera pa chikhomo cha pa ngodya ya puloti tonse tili pompo, alamu ndawauza kale kuti asapite ku ukwati uliwonse Loweruka limenelo.